Achinyamata a m'Chigwa cha Shire adziwe zenizeni za ntchito yongodzipereka pa zilumba zosungira nyama

Akonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi achinyamata a kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, pamodzi ndi makolo awo, pa nkhani imene yayamba kuzungulira m'mafoni. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pakumabwera mauthenga oitana anthu kuti akakhale mavolontiya pa zilumba za kutali zosungirako nyama. Pamwamba pake pamakhala chithunzi cha mchenga woyera ngati ufa, mitengo ya kokonati, ndi mtsikana atanyamula kamwana ka kamba m'manja. Mnyamata amene anamaliza Fomu 4 kapena koleji, koma mpaka lero akudikira ganyu wodula nzimbe ku Nchalo, akaona zimenezi mtima umamudumpha, ndipo sitingamudzudzule. Ntchitoyi ilipodi, ndi yofunika, ndipo munthu wa kuno akhoza kuigwira bwino kuposa alendo ambiri ochokera kumayiko ozizira. Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife olemba kalatayi ntchito yathu ndi ya nyama zakutchire ndi mbalame, ndipo tikufuna kuti banja lisanagulitse ng'ombe kapena thonje lonse la chaka chino, lidziwe chimene likukagula.

Wodzipereka salandira malipiro. Apa pasakhale kunamizana. Malo abwino amakupatsa pogona, mwina chakudya kapena kangachepe kogulira chakudyacho, koma tikiti ya ndege nthawi zambiri imakhala ya iwe mwini. Mabungwe ena amalipiritsa ngakhale kukhala kwako komweko, chifukwa ndalama za mavolontiya ndi zimene amagulira mafuta a boti. Chimene umabwera nacho ndi luso, kalata yokuchitira umboni, ndi kudziwana ndi anthu a ntchitoyi. Wofuna kutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi ayang'ane kwina.

Kuti mumvetse ntchito imene imagwiridwa kumeneko, taonani chilumba cha Cousin ku Seychelles, m'nyanja yamchere ya Indian Ocean. Ndi kachilumba ka mahekitala 27 okha, kochepa kuposa minda ya mudzi umodzi wa ku Ngabu, ndipo kale kanali munda wa kokonati. Mu 1968 bungwe limene lero limatchedwa BirdLife International linakagula pofuna kupulumutsa kambalame kotchedwa Seychelles warbler, kamene kanatsala kosakwana 30 pa dziko lonse, konseko pa chilumba chimenechi. Anasiya kulima kokonati, nkhalango yachilengedwe inabwerera, mbalamezo zinaswana, ndipo zina anazisamutsira ku zilumba zina: ku Aride mu 1988, ku Cousine mu 1990, ku Denis mu 2004 ndi ku Frégate mu 2011. Lero zikuwerengedwa m'zikwi. Ku Mauritius nako kabawi wa komweko anatsala 4 okha mu 1974, koma anamubweza. Sizinachitike chifukwa chosisita nyama. Zinatheka chifukwa anthu ankazula zomera zachilendo, kutchera makoswe, kuwerenga zisa ndi kulemba manambala m'buku, tsiku ndi tsiku, kwa zaka zambiri. Ntchito ya wodzipereka ndi imeneyo.

Mdani wamkulu wa chilumba chotere ndi khoswe. Mbalame za pa zilumba zinakhala zaka zosawerengeka popanda khoswe, mphaka kapena njoka yodya mazira, choncho zambiri zimaikira pansi, pa tsinde la mtengo kapena m'mauna, ndipo sizidziwa kuthawa. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere masabata atatu okha, amaswa ana 6 kapena 8 nthawi imodzi, ndipo anawo pakatha miyezi itatu nawonso ayamba kuswa. Mmodzi wabere atatsika m'boti ndi wokwanira kuwononga ntchito ya zaka 50. Ku chilumba cha Guam njoka za mtundu umodzi wachilendo, zimene zinafika ndi katundu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, zinamaliza pafupifupi mbalame zonse za m'nkhalango. N'chifukwa chake ku Cousin kulibe doko. Boti la alendo limaima panyanja, anthu n'kusamukira m'boti la pachilumbapo, limene woyendetsa amalithamangitsa mpaka kukwera pamchenga. Palibe chingwe kapena thabwa loti khoswe ayendepo kuchoka m'boti lachilendo kufika kumtunda.

Apa ndi pamene Mmalawi amagwa msanga, chifukwa ife paulendo sitiyenda chimanjamanja. Mayi amamangira mwana wawo ufa, nyemba, mtedza, chitowe, makakana ouma, mwinanso malambe ndi masawu. Zonsezi zikatsale. M'ufa ndi m'nyemba mumakhala anankafumbwe, m'nsomba zouma mumakhala mphutsi, ndipo nthanga iliyonse ikhoza kumera pamalo pamene siyifunika. Zambiri mwa izi amalanda pabwalo la ndege pomwe. Chikwama chako uchikhuthule chonse ndi kuchitembenuza. Chapa zovala, ndipo upisemo m'matumba ndi m'mipindiro ya thalauza momwe mumabisala nthanga za chisoso ndi udzu. Nsapato uzikweche kunsi ndi burashi mpaka dothi lithe m'mizere yonse. Katundu wopita pachilumba amaikidwa m'migolo kapena m'mabokosi apulasitiki otseka bwino, osati m'makatoni, chifukwa nyerere ndi mphemvu zimabisala m'mapindo a katoni. Akafika amatsegulira m'chipinda chotseka zitseko ndi mazenera, kuti chotuluka chiphedwe pomwepo. Wina amaona ngati akumunyoza pomusecha chonchi. Sakunyozedwa, amasechedwa aliyense, ndi bwana yemwe.

Kuzungulira chilumba, makamaka pofikira maboti ndi kuseri kwa nyumba, pamakhala timabokosi ta nyambo totalikirana mamita 25 mpaka 50. M'katimo amaikamo phula losakaniza ndi chiponde kapena kokonati. Wodzipereka amayendera kabokosi kalikonse pa tsiku lake, kuona ngati pali mano a khoswe, ndowe kapena ubweya, ndi kusintha nyambo yochita nkhungu. Ukhoza kuyendera miyezi itatu osapeza kanthu, ndipo pamenepo ndi pamene ulesi umalowa, munthu n'kuyamba kulemba kuti wayendera ali chikhalire pakhonde. Nkhanu nazo zimaluma nyambo, choncho uyenera kuphunzira kusiyanitsa: khoswe amasiya timizere tiwiri toyandikana ta mano ake akutsogolo, pamene nkhanu imangonyotsola mosalongosoka. Ukakayikira, tenga nyamboyo upite nayo kwa mkulu wa malowo nthawi yomweyo, osadikira mawa.

Ntchito imene imakopa ambiri ndi ya akamba a m'nyanja, ndipo tiifotokoze mwatsatanetsatane chifukwa ndi imene zithunzi zimanamiza kwambiri. Ku Seychelles kamba wotchedwa hawksbill amatuluka kudzaikira masana, kusiyana ndi madera ambiri kumene amatuluka usiku, ndipo nyengo yake ndi kuyambira cha mu Okutobala mpaka cha mu Febuluwale. Mumagawana gombe, ndipo aliyense amayenda gawo lake kangapo pa tsiku, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, pamchenga wotentha wotitimira. Poyamba umaona mkukuluzi wake. Wa hawksbill ndi wa masentimita 70 mpaka 85 m'lifupi ndipo mapazi amasinthana, uku kenako uku, ngati a ng'azi. Wa kamba wamkulu wotchedwa green turtle umapitirira mita imodzi ndipo mapazi amakhala ofanana mbali zonse.

Ukamupeza akukwera, khala pansi kutali, kumbuyo kwake, osayenda. Kamba akaona chinthu chikusuntha asanayambe kuikira amabwerera m'madzi, ndipo akabwezedwa kangapo amatha kutayira mazira m'nyanja. Kuona maso a nkhono n'kudekha: amatha ola lathunthu akusankha malo, kukumba, kusiya chifukwa wapeza muzu, n'kukayambanso pena. Amakumba ndi miyendo yakumbuyo dzenje lakuya pafupifupi theka la mita. Akayamba kugwetsa mazira m'pamene umayandikira chokwawa, uli kumbuyo ndithu, n'kuwerenga. Nthawi zambiri amakhala pakati pa 150 ndi 200, ozungulira, a chikamba chofewa. Akamaliza umayeza chigoba chake ndi tepi ya telala, kuchokera pakhosi kutsata msana mpaka kunsonga yakumchira, ndipo wamkulu amakhala wa masentimita 80 mpaka 90. Pa miyendo yakutsogolo pamakhala tizitsulo ta manambala. Werenga kawiri, mnzako abwereze mokweza, kenako ulembe. Kulakwitsa nambala imodzi yokha n'kusandutsa kamba amene akhala akumutsata zaka 15 kukhala wina. Chisa umachilemba poyeza mtunda kuchokera pa zizindikiro ziwiri zokhazikika, kapena ndi GPS, ndipo pochoka umafufuta mkukuluzi uja ndi phazi kuti wobwera pambuyo pako asawerengenso. Kamba yemweyo amabweranso pakatha pafupifupi masabata awiri, kangapo pa nyengo imodzi, kenako amasowa zaka ziwiri kapena zitatu.

Chisa chikakhala pafupi kwambiri ndi madzi, poti mafunde achikokolola, mazira amasamutsidwa, koma ndi lamulo la mkulu wa malowo basi. Ziyenera kuchitika m'maola ochepa ataikiridwa, ndipo dzira lisatembenuzidwe. Pakapita nthawi kamwana kamamatira kumtunda kwa chikamba m'kati, ndipo ukalizunguza kamathothoka n'kufa, ngakhale kunja dzira likuoneka labwinobwino. Umanyamula limodzilimodzi mmene lakhalira, kuliika m'ndowa yokhala ndi mchenga wa m'chisa momwemo, n'kukumba dzenje latsopano lofanana kuya kwake ndi loyamba. Kuya ndi mthunzi si nkhani yaing'ono, chifukwa kutentha kwa mchenga ndi kumene kumasankha ngati ana akhale aamuna kapena aakazi. Malire ali cha pa madigiri 29: kukatentha kuposa apo amachuluka aakazi, kukazizira amachuluka aamuna, ndipo kukatenthetsa mazira amangopsa. Pakatha masiku pafupifupi 60 ana amatuluka. Asiye ayende okha kupita kumadzi. Amatsata kuwala kwa panyanja, choncho tochi yoyera, nyale ya m'nyumba kapena foni zimawasocheretsa kupita kumtunda kumene nkhanu ndi dzuwa zimawamaliza. Usiku pagombe pamayendedwa ndi tochi yofiira yokha. Patatha masiku awiri kapena atatu umafukula chisacho, n'kuwerenga zikamba zopanda kanthu, mazira osaswa ndi ana ofera m'dzenje. Ngati mazira anali 160 ndipo zikamba zapezeka 128, ndiye kuti aswa 80 pa 100 alionse. Fungo lake ndi la mazira owola, ndipo ntchito imeneyi suiona pa chithunzi chilichonse.

M'miyezi ya mphepo ya kummwera chakummawa, kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ntchito imatembenukira ku mbalame za m'nyanja zimene zimabwera kudzaswa mwaunyinji. Mumawerenga zisa m'timagawo toyezeratu, n'kumayendera zisa zomwezo sabata ndi sabata kulemba ngati muli dzira, mwana, kapena mwafa. Kuli mtengo wotchedwa Pisonia umene nthanga zake zili ndi ulimbo, ndipo zikamatirira nthenga mbalame imalephera kuuluka n'kufera pansi. Mavolontiya amazitola n'kuchotsa nthangazo imodziimodzi, mofatsa, kutsata mmene nthenga yagonera. Otsala akusesa njira, kutola mabotolo ndi maukonde otayidwa amene nyanja imalavula, kupenta nyumba, kutunga madzi ndi kuphika mosinthana. Posankha miyezi yopita, dziwa kaye ngati ukufuna akamba kapena mbalame.

Chimene chimasiyanitsa wodzipereka wothandiza ndi wongodya chakudya cha eni ake ndi buku. Lemba ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka ndi thukuta ndi madzi amchere. Lemba pomwepo, osati madzulo pokumbukira. Tsiku, nthawi yoyamba, nthawi yomaliza, malo, dzina lako. Tsiku limene sunaone kanthu lemba 0, chifukwa mpata wosalembedwa sudziwika ngati kunalibe kamba kapena kunalibe munthu. Ndipo usapeke nambala, ngakhale pang'ono. Ngati sunawerenge bwino, lemba kuti sunawerenge bwino. Madzulo manambalawo amalowetsedwa pa kompyuta, choncho wodziwa Excel amakhala patsogolo pa anzake.

Pa za madzi, mwana wa m'mbali mwa Shire ali ndi poyambira. Amadziwa kukhazikika m'bwato, kukoka chingwe, kusoka ukonde, ndipo kutentha kwa madigiri 40 kwa mu Okutobala ku Ngabu kunamuphika kale. Koma nyanja yamchere si Shire. Madzi ake amadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, maola 6 ndi mphindi zochepa pakati pake, ndipo nthawiyo imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukafa, madzi amakwera kwambiri ndi kuphwanso kwambiri. Wozungulira thanthwe madzi ataphwa osayang'ana ndandanda ya nthawi amapeza njira yobwerera yamira. Palinso mkokomo wa madzi obwerera kunyanja umene umakoka munthu kumuchotsa pagombe. Wozolowera mtsinje amalimbana nawo molunjika kumtunda mpaka mphamvu kutha. Choyenera ndi kusambira chopingasa, motsata gombe, mpaka utuluke mumkokomowo, kenako n'kubwerera. Ndipo tinene mosabisa: ambiri kuno, chifukwa choopa ng'ona, sadziwa kusambira konse ngakhale anakulira m'bwato. Amene sangasambire mamita 200 osapuma aphunzire kaye.

Mchere umadya chitsulo chilichonse. Injini ya boti imatsukidwa ndi madzi abwino ikachoka panyanja, zipi ya chikwama imauma ngati suipaka mafuta, ndipo foni yosasungidwa m'kathumba kotseka sichedwa kufa. Mainjini ambiri ang'onoang'ono osakaniza mafuta amafuna muyeso wa 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo mu malita 5 a petulo, koma uwerenge zimene zalembedwa pa injiniyo. Ukachepetsa oyilo injini imagwira n'kufa, ukachulukitsa imafuka utsi ndi kudetsa mapulagi. Magetsi ndi a sola, ndipo kukachita mitambo masiku atatu firiji imayamba ndiyo, foni yako pambuyo. Madzi akumwa ndi a mvula a m'mathanki, ndipo kusamba ndi kwa ndowa imodzi. Mnyamata wodziwa kukonza injini, kulumikiza mabatire a sola kapena kukhoma denga azilembe zimenezi pamwamba pa kalata yake yofunsira malo, chifukwa oyang'anira zilumba amazifuna kuposa satifiketi yambiri.

Za umoyo zili ndi mbali imene alendo a ku Ulaya saiganizira koma ife ikutikhudza. Ku Seychelles kulibe malungo, koma munthu wochoka ku Makhanga kapena ku Bangula akhoza kunyamula tizilombo m'magazi n'kudwala patatha sabata kapena awiri ali pachilumba chopanda chipatala, pakati pa anthu amene sawadziwa bwino matendawa. Kayezetseni musananyamuke, ndipo mufunse achipatala za kunyamula LA ndi kachida koyezera. Kumeneko kuli dengue, yofalitsidwa ndi udzudzu woluma masana, choncho neti yokha siyikwanira, pamafunika malaya a manja aatali ndi mafuta othamangitsa udzudzu. Wotentha thupi amwe panado, osati asipirini kapena brufen, chifukwa pa dengue mankhwala awiriwa amawonjezera kutaya magazi. Katemera wa kafumbata akhale watsopano. Bala la matanthwe a m'nyanja, ngakhale laling'ono, limatukusira msanga, choncho litsukidwe ndi sopo ndi madzi abwino tsiku lomwelo mpaka mchenga wonse utuluke. Pamiyala ya m'madzi osaya osayenda opanda nsapato, chifukwa muli nsomba zaululu zofanana ndi mwala. Wobayidwa aviike phazi m'madzi otentha amene khungu lingapirire, cha pa madigiri 45, uku anzake akuitana boti. Thanzi ORS asasowe m'chikwama, ndipo akatha, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimagwira ntchito yomweyo. Kumalo osungira anyani aakulu, monga chilumba cha Ngamba pa nyanja ya Victoria ku Uganda, chimene chinatsegulidwa mu 1998 kusungira achimpanzi opulumutsidwa, malamulo ndi okhwima kwambiri. Amafuna umboni woti ulibe TB ndi makatemera angapo, chifukwa chimfine cha munthu chimatha kupha nyamazi.

Pali china chimene anthu sachitchula: kusungulumwa. Chilumba ngati Aldabra, kumene kuli afulu akuluakulu oposa 100,000, chili pa mtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera ku Mahé, chilumba chachikulu cha Seychelles, ndipo sitima yobweretsa katundu imabwera mwa apo ndi apo. Maliro akagwa kumudzi sungabwere. Ngakhale pa zilumba zapafupi, nyanja ikakalipa boti siliyenda. Mumakhala anthu ochepa, nkhope zomwezo, chakudya cha mpunga ndi nsomba, nsima kulibe. Banja likambirane zimenezi munthu asanasaine.

Tsopano za mapepala ndi akuba. Pamafunika pasipoti yotsala ndi miyezi yoposa 6, kalata yokuitana yochokera ku bungwe lenilenilo, chilolezo choyenera cha dzikolo chimene bungwelo liyenera kukufotokozera ndi kukuthandiza kupeza, tikiti yopita ndi yobwerera, ndi inshulansi imene ikunena momveka kuti idzalipira kukunyamula pachilumba ukavulala. Wodzera ku Addis Ababa kapena Nairobi afunse za khadi la katemera wa yellow fever, chifukwa ukakhalitsa pabwalo la ndege m'mayiko amenewo akhoza kulifuna pofika. Zonsezi zimalipidwa m'ndalama zakunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense akudziwa mmene dola ikuvutira. Werengerani zonse pamodzi musanapereke tambala.

Wakuba amadziwika ndi izi. Amalonjeza malipiro aakulu pa ntchito imene akuitchula yongodzipereka. Satchula dzina la chilumba kapena la bungwe, kapena amatchula bungwe lenileni koma akulemba kuchokera pa nambala ya foni wamba. Amafuna ndalama ya fomu kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu. Amakufulumizitsa kuti malo atsala awiri. Amati tikiti yobwerera ukaipeza komweko, kapena kuti pasipoti akusungira. Nkhani za azimayi athu amene anavutika ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino tonse tinazimva, ndipo chiyambi chake chimakhala chomwechi. Njira yotsimikizira ndi yosavuta: siya nambala imene yakutumizira uthenga, funafuna wekha tsamba la bungwelo pa intaneti, uwalembere pa adiresi imene ili pamenepo, ndipo upemphe kulankhula pa vidiyo ndi woyang'anira mavolontiya komanso ndi munthu mmodzi amene anakhalako kale. Ukaone ofesi ya zantchito pa boma, ndipo ukakayikira pita kupolisi. Malawi ali ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015. Safunsa anadya phula.

Palinso malo amene si akuba anthu koma ndi akuba dzina la chitetezo. Kulikonse kumene akulonjeza kuti udzanyamula ana a nyama, kujambulitsa nawo, kapena kusambira ndi akamba osungidwa m'mathanki, nyamazo zikugwiritsidwa ntchito yokopa ndalama. Nyama yozolowera manja a anthu sibwereranso bwino kutchire. Funsa kuti nyama zawo zimachokera kuti, zimapita kuti, ndipo manambala amene mavolontiya amalemba amakathera kwa yani. Kwa malo osungira anyani, onani ngati ali m'gulu la Pan African Sanctuary Alliance, momwe muli Ngamba komanso Lilongwe Wildlife Centre yathu. Pobwerera usanyamule chigoba cha kamba, chibangili chopangidwa nacho, nthenga kapena dzira. Malonda a hawksbill ndi oletsedwa pa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a nyama zimene zili pangozi yakutha, ndipo lamulo lathu la nyama zakutchire, chilikonzereni mu 2017, limafika pa zaka 30 za ukaidi pa milandu ikuluikulu.

Chimene chikutipweteka mtima, Akonzi, n'chakuti mabungwe abwino akalandira kalata amayang'ana ngati munthu anagwirapo ntchito yotere, ndipo achinyamata athu amakhala opanda cholemba, chonsecho akukhala pakati pa malo amene anthu amawulukira kuchokera kutali kudzaphunzirako. Majete, chiyambireni kuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks pamodzi ndi boma mu 2003, inabwezeretsa zipembere chaka chomwecho, njovu kuyambira 2006 ndi mikango mu 2012, m'nkhalango imene inali itatheratu nyama. Ku Lengwe kuli boo, ku Nsanje kuli Mwabvi, ndipo dambo la Elephant Marsh, kumene Livingstone anaona njovu mazanamazana mu 1859, linalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar mu 2017. Ngakhale phunziro la zomera zachilendo tili nalo pakhomo: namasupuni amene amatseka njira za mabwato m'dambomu anachokera ku South America.

Kuwerenga mbalame za m'madzi kumachitika m'mayiko ambiri a mu Africa mu Januwale ndi mu Julayi, ndipo luso lake ndi lomwe lija la pachilumba. Pamafunika anthu atatu m'bwato: wopalasa, woyang'ana ndi mabainokula, ndi wolemba. Njira ikhale yomweyo ulendo uliwonse, kunyamuka nthawi yomweyo m'mawa. Gulu la akakowa kapena atsekwe likakhala lalikulu umawerenga 10 oyamba, kuona kukula kwa kagulu kameneko, n'kumayeza gulu lonse ndi diso m'makumi. Zimene zauluka kupita kutsogolo kwanu osaziwerenganso mukazipeza. Mvuu zipatsidwe mtunda, ndipo wopalasa akhale msodzi wa komweko wodziwa maiwe ake. Wachinyamata amene wachita zimenezi nyengo zinayi, ndi buku lake loyera losainidwa ndi agemu kapena mphunzitsi wa kalabu ya zachilengedwe, ali ndi chinthu chogwirika choika m'kalata yopita ku Seychelles kapena ku Mauritius, komanso ku koleji ya zankhalango ndi nyama ku Dedza.

Tikupempha a Dipatimenti ya Nyama Zakutchire, oyang'anira Majete ndi a bungwe la zachilengedwe la WESM kuti malo a mavolontiya a kuno azilengezedwa poyera, m'Chichewa ndi m'Chisena, pa wailesi za m'madera ndi pa zikwangwani za masukulu a sekondale, ndi masiku ake komanso zofunika zake. Aphunzitsi a makalabu a zachilengedwe ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje ayambe pano kulemba mayina a ophunzira ofuna kuwerenga nawo mbalame mu Januwale, ndi kukambirana ndi makomiti a asodzi za mabwato, chifukwa mvula ikayamba misewu yolowera kudambo siyidutsika msanga.

Ogwira ntchito za nyama zakutchire ndi mbalame,
Chikwawa